Kugulitsa mfuti yogwiritsidwapo kale ntchito ku South Africa: mtengo wabwino umachokera kuti?

Ku South Africa mfuti zambiri zimasintha manja chaka chilichonse mwa njira yovomerezeka. Mlenje akakalamba amachepetsa mfuti zake, banja likaferedwa limapeza mfuti ya malemu m'sefa, ndipo wina amangofuna kusinthanitsa yakale ndi yatsopano. Onsewa amafunsa funso limodzi: ndingapeze bwanji ndalama zoyenera? Yankho lomwe likuyenda m'mayankho onse ali m'munsiwa ndi lakuti wogula salipira chitsulo chokha. Amalipira kutsimikiza kuti mfutiyo ndi yanudi, kuti ili momwe mukunenera, ndiponso kuti idzalembedwa m'dzina lake popanda chovuta. Chilichonse chochotsa chikaiko mumtima mwa wogula chimakweza mtengo, ndipo changu chilichonse cha wogulitsa chimautsitsa.

N'chifukwa chiyani nkhani ya mtengo ikuyambira pa malamulo?

Chifukwa ku South Africa lamulo ndi limene limanena kuti ndani angagule, ndipo kuchuluka kwa ogula ndi kumene kumapanga mtengo. Lamulo lotchedwa Firearms Control Act, la nambala 60 la chaka cha 2000, linayamba kugwira ntchito mokwanira mu Julayi 2004, kulowa m'malo mwa lamulo lakale la 1969. Pansi pa lamuloli mfuti iliyonse imakhala ndi chiphaso chakechake, ndipo munthu asanapemphe chiphasocho ayenera kukhala ndi setifiketi yosonyeza kuti anaphunzira kagwiridwe ka mfuti ndipo ndi woyenera kuisunga. Kawirikawiri ayenera kukhala wa zaka zosachepera 21, komanso nzika ya dzikolo kapena munthu amene ali ndi chilolezo chokhalamo mpaka kalekale. Apa m'pamene nkhaniyi ikukhudza abale athu ambiri okhala ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town: amene ali kumeneko pa chilolezo cha ntchito cha kanthawi sali m'gulu la ogula ovomerezeka, ndipo wogulitsa amene angawapatse mfuti wapalamula mlandu. Lamulo lomweli limaikanso malire. Munthu amaloledwa mfuti imodzi yokha yodzitetezera, yomwe chiphaso chake chimatha pakapita zaka 5, pamene wosaka nyama mwa apo ndi apo sangapitirire mfuti zinayi, ndipo ziphaso zosakira zimakhala zaka 10. Zotsatira zake n'zakuti wogula aliyense amaganiza kawiri asanawononge malo ake ochepawo pa mfuti yokayikitsa. Komanso mfuti siichoka m'manja mwa wogulitsa kupita kwa wogula tsiku lomwe agwirizana. Wogula amakapereka pempho lake kwa wapolisi woona za mfuti wa kudera lake, pempholo limapita ku ofesi yaikulu ya kaundula wa mfuti ku Pretoria, ndipo kudikira kumatenga miyezi. Munthu amene akupereka ndalama lero n'kudzalandira katundu wake patapita miyezi amafuna kutsimikiza zonse, ndipo kutsimikizako ndi kumene wogulitsa wanzeru amagulitsa limodzi ndi mfuti.

Kodi mapepala angakweze kapena kutsitsa mtengo motani?

Chiphaso chomwe chikugwirabe ntchito ndiye maziko a malonda onse. Lamulo limati mwini mfuti apemphe kuwonjezera nthawi ya chiphaso chake kutatsala masiku osachepera 90 kuti chithe. Anthu ambiri anaphonya nthawi imeneyi, ndipo nkhaniyo inafika mpaka ku khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko. Mu 2018, pa mlandu wa bungwe la SA Hunters and Game Conservation Association, khotilo linagamula kuti ndime zonena za kuwonjezera nthawi ndi kutha kwa ziphaso n'zovomerezeka, kutanthauza kuti chiphaso chikatha mwini wake akusunga mfuti mosaloledwa. Mu 2022, pa mlandu wa kampani ya Fidelity Security Services, khoti lomwelo linati munthu wotereyu ali ndi ufulu wopempha chiphaso chatsopano cha mfuti yomweyo. Chigamulo chachiwirichi chinatsegula khomo, koma sichinachotse vuto la wogulitsa: mfuti ya chiphaso chakutha imafuna kuti mapepala akonzedwe kaye, ndipo wogula amene wamva zimenezi amachoka kapena kutsitsa mtengo kwambiri. Choncho amene akuganiza zogulitsa ayang'ane kaye tsiku lolembedwa pa chiphaso, ndipo ayambe malonda nthawi ikadalipo. Chachiwiri, ayerekeze nambala yolembedwa pa mfuti ndi yolembedwa pa chiphaso, komanso dzina la kampani yopanga ndi kukula kwa chipolopolo. Kusiyana kwa nambala imodzi yokha kungaimitse pempho la wogula kwa nthawi yaitali. Chachitatu ndi mapepala omwe lamulo silikakamiza koma msika umawalemekeza: lisiti logulira, bokosi ndi buku la malangizo zomwe zinabwera ndi mfutiyo, ndi malisiti a mmisiri wa mfuti amene anaikonzapo. Pa mfuti ya munthu amene anamwalira, amene ali ndi mphamvu yogulitsa ndi munthu amene anapatsidwa udindo woyendetsa chuma cha malemu, ndipo kalata yomuika pa udindowo iyenera kukhalapo. Mwana kapena mkazi wamasiye amene angofulumira kulonjeza mfutiyo kwa mnzake wa malemu asanakonze zimenezi amadzipezera mavuto awiri, wa lamulo ndi wa mtengo.

Nanga pa mfuti yeniyeniyo, wogula wodziwa amayang'ana chiyani?

Amayamba ndi mkati mwa mpope. Mmenemo muli mizere yopota yomwe imazunguza chipolopolo kuti chiyende molunjika, ndipo mizereyo ikafufutika kapena kudyeka ndi dzimbiri, mfuti imasiya kulasa bwino ngakhale kunja ikuwala. Malo oyamba kutha ndi pafupi ndi pomwe chipolopolo chimakhala, chifukwa m'pamene moto wa onga umatentha kwambiri. Mfuti zakale za asilikali monga Lee-Enfield ya .303, zomwe n'zochuluka m'mafamu a dzikolo, zinkaombedwa ndi zipolopolo zosiya mchere mumpope, ndipo zomwe sizinkatsukidwa msanga zili ndi timaenje mkati. Kusintha mpope si nkhani yaing'ono, popeza lamulo la dzikolo limawerengera mpope ngati mfuti payokha, motero ntchitoyo imafuna mmisiri wovomerezeka, chilolezo ndi ndalama. Wogula amachotseratu zonsezi pa mtengo. Akachoka pa mpope amayang'ana ngati thabwa lili ndi mng'alu, makamaka pogwirira, ngati zitsulo zoyenda sizikugwedera, ngati chotetezera kuti mfuti isalire yokha chikugwira bwino, ndiponso mitu ya masikuluwu, yomwe ikakhala yophwanyika imaulula kuti munthu wosadziwa anaimasulapo. Pomaliza amaona kukula kwa chipolopolo. Mfuti za .308 Winchester, .30-06, .243 ndi pisitolo za 9mm zimagulidwa msanga chifukwa zipolopolo zake zimapezeka m'sitolo iliyonse, ndipo .375 H&H ili ndi ogula ake pakati pa osaka nyama zikuluzikulu. Mfuti ya chipolopolo chosowa ingakhale yokongola, koma ogula ake ndi ochepa. Mlimi wa fodya amadziwa kuti belo losankhidwa moona mtima limapeza mtengo ku okushoni kuposa lomwe pamwamba pali masamba abwino pansi pali zinyalala. Ndi mmenenso zilili kuno: wogulitsa amene wanena yekha za chipsera chomwe chilipo n'kuchijambula pa chithunzi amalanda wogula chida chotsitsira mtengo, pamene wobisa akagwidwa pa chimodzi amakayikiridwa pa zonse.

Kodi si nzeru kuikonza ndi kuipenta kuti ioneke yatsopano musanaigulitse?

Kutsuka n'kwabwino, koma kukonzanso maonekedwe nthawi zambiri kumataya ndalama. Kupukuta fumbi, kuchotsa zotsalira za onga mumpope ndi kupaka mafuta pang'ono n'zimene mwini aliyense ayenera kuchita. Koma kupala thabwa ndi sandipepa, kulipaka vanishi watsopano kapena kudetsanso zitsulo kumachotsa chinthu chomwe sichingabwezeretsedwe, ndicho umboni wakuti mfutiyo ili momwe inachokera ku fakitale. Zitsanzo zake zilipo zomveka. Mfuti za Mauser za 7x57 zomwe ma Boer anagwiritsa ntchito pa nkhondo ya 1899 mpaka 1902 kawirikawiri zili ndi maina kapena zizindikiro zomwe eni ake anasema pa thabwa, ndipo osonkhanitsa mfuti zakale amazifuna chifukwa cha zosemazo. Munthu wozipala kuti thabwa lisalale wapala mtengo wa mfutiyo. Lee-Enfield yomwe inadulidwa thabwa kuti ipepuke posaka imakhala mfuti wamba yakumunda, pamene inzake yomwe idakali yathunthu, nambala za zitsulo zake zonse zikugwirizana, imakopa osonkhanitsa. Ku America, Winchester Model 70 yopangidwa chisanafike chaka cha 1964 imadula kuposa ya zaka zotsatira chifukwa m'chaka chimenecho kampani inasintha kapangidwe pofuna kuchepetsa ndalama zopangira, ndipo amene amaifunafuna amafuna yosakhudzidwa. Chimodzimodzi mfuti zakale za Musgrave zopangidwa ku Bloemfontein, zomwe alenje a ku South Africa amazilemekeza. Wina angatsutse kuti si mfuti zonse zili za osonkhanitsa, ndipo n'zoona. Pisitolo ya Glock kapena CZ yomwe yapangidwa posachedwa ilibe mbiri yoti iwonongeke. Koma ngakhale pamenepo ndalama zopenta sizibwerera, chifukwa wogula amayerekeza ndi mtengo wa yatsopano m'sitolo, ndipo penti watsopano amamuchititsa kudzifunsa kuti pansi pake pakubisika chiyani. Zowonjezera nazonso sizibweza ndalama zomwe zinadya. Galasi loonera patali lamtengo wapatali nthawi zambiri limapindulitsa likagulitsidwa palokha, popeza silifuna chiphaso ndipo wogula aliyense angalitenge tsiku lomwelo. Ngati munasinthapo chitsulo china, bwezeranipo choyambirira kapena chiperekeni limodzi.

Njira zogulitsira zilipo zingati, ndipo yopindulitsa ndi iti?

Zilipo zisanu, ndipo zimasiyana pa chinthu chimodzi: ndani akusenza kudikira. Yoyamba ndi kugulitsa kwa mwini sitolo ya mfuti wovomerezeka. Iye amailemba m'kaundula wake, mumalandira ndalama mwamsanga ndipo udindo wanu umathera pomwepo, koma mtengo wake ndi wotsikitsitsa. Yachiwiri ndi kusinthanitsa, kumusiyira yakale n'kuwonjezera ndalama kuti mutenge yatsopano. Apa amatha kukwezako pang'ono chifukwa akupindulanso pa yomwe mukugula. Chenjezo ndi lakuti mukambirane mitengo iwiriyo payokhapayokha, chifukwa n'zosavuta kukweza mtengo wa yakale kwinaku akukana kuchotserako pa yatsopano. Yachitatu ndi kusiya mfuti m'sitolo kuti akugulitsireni, iwo n'kutengapo gawo lomwe mwagwirizana. Yachinayi ndi kupeza wogula nokha. Yachisanu ndi okushoni, monga ya Classic Arms ku eMalahleni, yomwe imayenera mfuti zosowa kapena zambiri za munthu mmodzi, popeza kumeneko osonkhanitsa amapikisana okhaokha. Tiyerekeze ndi mfuti yomwe wogula womaliza angalipire R12,000. Mwini sitolo wogula lero angatchule R7,000 kapena R8,000. Mukamusiyira kuti akugulitsireni pa gawo la 15 peresenti, mudzalandira R10,200, koma pokhapokha wogula atapezeka. Mukagulitsa nokha mungalandire yonse, koma mudzasenza kutsatsa, kukumana ndi anthu osawadziwa, kulemba gawo lanu pa fomu ya SAPS 271 yomwe wogula amapemphera chiphaso, ndi kusunga mfutiyo m'sefa yovomerezeka mpaka chiphaso chake chitatuluka. Palibe njira imene ili yabwino kwa onse. Pa mfuti wamba yomwe mwini wake sali pa changu, kusiya m'sitolo kapena kugulitsa nokha n'kumalizitsira malondawo kudzera m'sitolo yovomerezeka kumapereka ndalama zambiri popanda kuika moyo pachiswe. Pa mfuti yosowa, okushoni ndiyo imaulula mtengo wake weniweni, womwe mwina ngakhale mwini wake sankaudziwa.

Kodi eni masitolo sakubera anthu potchula mitengo yotsika chonchi?

Dandaulo limeneli limamveka kawirikawiri, ndipo lili ndi mbali yoona: alipo amalonda amene amapezerapo mwayi pa mabanja oferedwa omwe sadziwa za mfuti. Koma kusiyana kwa mitengo pakokha si kuba. Mwini sitolo akagula mfuti, ndalama zake zimagona pa shelefu mpaka wogula atapezeka, ndipo amalipira lendi, alonda, inshuwalansi ndi antchito osunga kaundula amene apolisi amamuyendera. Mfutiyo ikapezeka ndi vuto lobisika, wogula amabwerera kwa iye, osati kwa inu. Chimene amachotsa pa mtengo ndi malipiro a nthawi ndi chiopsezo zomwe wakulandirani. Njira yodzitetezera si kukwiya koma kudziwa. Musanapite kusitolo, fufuzani mtengo wa mfuti yatsopano ya mtundu womwewo, chifukwa ndilo denga lomwe yakale singalipitirire pokhapokha ikhale yosowa. Kenako yang'anani mitengo yomwe zinzake zinagulidwadi, monga zotsatira za okushoni, osati mitengo yomwe ogulitsa amangolemba potsatsa, popeza mfuti ingakhale pa malonda chaka chonse pa mtengo womwe palibe akuufuna. Mabuku a ku America monga Blue Book of Gun Values amathandiza kudziwa mtundu ndi chaka cha mfuti, koma madola ake sangasinthidwe kukhala marandi mwachisawawa, chifukwa msika wa ku America uli ndi ogula ochuluka ndi malamulo ena. Pitani kwa amalonda awiri kapena atatu, ndipo musaope kubwerera nayo kunyumba. Nthawi nayonso ili ndi mawu. Alenje a ku South Africa amasaka m'miyezi yozizira, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo popeza chiphaso chimachedwa, wofuna mfuti ya nyengoyo amayamba kufunafuna miyezi yambiri isanafike. Wotsatsa mfuti yosakira nyengo itayamba kale wachedwa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa malonda awa kudekhako kumaoneka pa ndalama zomwe mwalandira.

Bwanji osangogulitsa mwamseri kwa amene akupereka ndalama zambiri popanda mapepala?

Ili ndilo funso lomwe likuyesa mfundo yonse, chifukwa n'zotheka kuti munthu wosayenera kupatsidwa chiphaso atchule ndalama zokopa. Koma mtengo wa chinthu ndi zomwe mwatsala nazo zonse zitatha, osati zomwe mwalandira tsiku loyamba. Mfuti yoperekedwa mwamseri imakhalabe m'dzina lanu ku kaundula wa apolisi. Ikaombera munthu, akatswiri amayerekeza zipsera zomwe imasiya pa chipolopolo ndi pa chikhokho chake, ndipo ikapezeka, nambala yake imalondolera apolisi kunyumba kwanu. Kunama kuti inabedwa ndi mlandu wina pamwamba pa woyambawo. Wogula nayenso ali pa moto, popeza lamulo la 1997 lonena za zilango linaika zaka 15 m'ndende ngati chilango chochepetsetsa kwa wopezeka mosaloledwa ndi mfuti yomwe imadzilowetsera yokha chipolopolo, kupatula ngati khoti lapeza zifukwa zapadera. Dzikolo linaona kale kumene malonda oterewa amathera. Christiaan Prinsloo, yemwe anali mmodzi wa akuluakulu a apolisi, anagulitsa mfuti zoposa 2,000 zomwe zinayenera kuwonongedwa, ndipo zambiri zinakafika kwa magulu a zigawenga ku Western Cape, komwe zinapha anthu ochuluka, ndi ana omwe. Mu 2016 anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 18. Lingaliro lotengera mfuti kumudzi ku Malawi, Zambia kapena Mozambique kuti ikagulitsidwe kumeneko lili m'gulu lomweli. Chiphaso cha ku South Africa sichiwoloka malire. Pamafunika chilolezo chotulutsira mfuti m'dziko limodzi ndi china cholowetsera m'dziko linalo, ndipo maiko a SADC anagwirizana za kuletsa malonda ozembetsa mfuti m'pangano lomwe anasainira ku Blantyre mu Ogasiti 2001. Ku Malawi nakonso mfuti imafuna chiphaso chochokera kupolisi. Ndalama zowonjezera za malonda amseri n'zochepa poziyerekeza ndi ndende, ndipo palibe ndalama zomwe zingalipire moyo wa munthu wophedwa ndi mfuti yomwe munapereka.

Nanga ngati mfutiyo ilibe wogula, kapena mapepala ake sangakonzedwe?

Zimachitika, ndipo apa mtengo wabwino ndi kumasuka ku udindo. Mfuti yodyeka ndi dzimbiri, ya chipolopolo chomwe sichipangidwanso, ingafune ndalama zambiri zosungira ndi zowonjezerera chiphaso kuposa zomwe ingabweretse. Mwini wake angaipereke kupolisi kuti iwonongedwe, ndipo aonetsetse kuti walandira chikalata chosonyeza kuti waipereka. Boma la South Africa lakhala likutsegula nthawi za chikhululukiro, monga kuyambira Disembala 2019 mpaka Meyi 2020 ndiponso kuyambira Ogasiti 2020 mpaka Januwale 2021, pomwe anthu ankapereka mfuti zopanda mapepala osaimbidwa mlandu wozisunga, ngakhale kuti mfutizo zinkayesedwa kuti aone ngati zinapalamulapo milandu. Boma silinkalipira kanthu pa mfutizo. Maiko ena anatsata njira yolipira: Australia, pambuyo pa kuphedwa kwa anthu 35 ku Port Arthur mu 1996, inagula n'kuwononga mfuti zoposa 600,000. Ku Mozambique, nkhondo itatha mu 1992, bungwe la mipingo yachikhristu motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane linayambitsa mu 1995 ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Kusinthanitsa kumeneko kunali kwa mfuti zomwe sizikanagulitsidwa movomerezeka kulikonse, ndipo eni ake anapeza chinthu chogwira nacho ntchito m'malo mwa chinthu chobisa. Choncho mwini mfuti ayambe n'kudzifunsa moona mtima kuti yake ili m'gulu liti. Ngati ili ndi chiphaso chamoyo, mpope wabwino ndi zitsulo zake zoyambirira, asafulumire: akonze mapepala, aitsuke osaisintha, afufuze mitengo yomwe zinzake zinagulidwa, afunse amalonda angapo, ndipo alembe mgwirizano wonena za amene asunge mfutiyo ndi zomwe zidzachitike ndi ndalama ngati pempho la wogula lakanidwa. Ngati ilibe zimenezi, asataye nthawi kufunafuna wogula wamseri, koma apite kwa wapolisi woona za mfuti wa kudera lake kuti dzina lake lichoke pa mfutiyo mwa njira yoyenera.